Mafunso Anu pa Zojambula: Kuyesa Abstract ndi Kupeza Dzanja Lanulanu

Makalata ambiri amene afika ku tsamba lino ulendo uno ndi a ojambula amene ayamba kuyesa abstract, zithunzi zija zosafanizira munthu, nyama kapena malo enieni, zongodalira mitundu, mizere ndi mmene penti wakhalira pa chinsalu. Ena akulimbana ndi penti, ena akulimbana ndi mtima wawo. Mafunso ofanana tawaphatikiza, ndipo ataliatali tawafupikitsa.

Funso: Ndakhala ndikujambula nkhope za anthu kwa zaka 5 ndipo zimafanana ndithu ndi eni ake. Tsopano ndikufuna kuyesa abstract, koma ndikangoima kutsogolo kwa chinsalu choyera mutu umaima. Chilichonse chimene ndapaka chimaoneka ngati popukutira burashi. Ndiyambire pati?

Yankho: Yambirani pa chinthu chimene maso anu akuchiona, kenako muzichivula pang'onopang'ono. Piet Mondrian, amene amadziwika ndi mizere yakuda yopingasana ndi timabokosi tofiira, tachikasu ndi tabuluu, sanangodzuka n'kuyamba zimenezo. Pakati pa 1908 ndi 1912 ankajambula mitengo mobwerezabwereza. Mtengo wa poyamba uli ndi thunthu ndi nthambi zodziwika bwino. Pofika 1912 nthambi zija zinali zitasanduka timizere tokhota tolukanalukana, ndipo thunthu silikudziwikanso bwino.

Inunso chitani chonchi. Sankhani chinthu chimodzi chokhala ndi mbali zambiri, monga mpando, njinga kapena nthambi youma, ndipo mukonze mapepala okhuthala 10 a saizi ya A4. Pa loyamba jambulani monga mwa masiku onse. Pa pepala lachiwiri gwiritsani ntchito burashi yotambalala masentimita 5, ndipo isakhudze pepala koposa maulendo 20. Pa lachitatu gwiritsani ntchito chakuda, chotuwa ndi choyera basi. Pa lachinayi jambulani mipata yokha, ija ya pakati pa miyendo ya mpando, mpandowo osaukhudza. Kuyambira pa lachisanu, bisani chinthucho, muzitengera pa pepala lapitalo mutalizondotsa, kumwamba kukhale kunsi. Pepala lililonse lipatseni mphindi 10, wotchi ili pambali. Nthawi yochepayi ndi yadala: dzanja lozolowera kufanizira likapatsidwa ola lathunthu limabwerera ku nsidze ndi mabatani a malaya.

Njira ina ndi yoboola kawindo ka masentimita 4 kwa 6 pa katoni n'kumakayendetsa pamwamba pa zithunzi zanu zakale. Pamene kolala yakumana ndi khosi, kapena pamene mthunzi wa mphuno wagwera pa tsaya, mupezapo timagawo tokoma tosadziwika kuti ndi chiyani. Kamene kakugwirani mtima kakulitseni pa chinsalu cha masentimita 40 kwa 60.

Zaka 5 zanuzo sizinapite pachabe. Hilma af Klint wa ku Sweden, amene anayamba zithunzi za abstract mu 1906, anali ataphunzira ku sukulu ya zaluso ku Stockholm ndipo ankajambula nkhope, malo ndi zomera mwaluso. Diso lodziwa kuyeza kuwala ndi mthunzi ndi lomwelo limene abstract imafuna.

Funso: Mitundu yanga imawala ikakhala m'machubu, koma ndikaisakaniza pa chinsalu yonse imathera ku mtundu umodzi wa matope. Kodi vuto ndi penti wotchipa?

Yankho: Penti wotchipa ali ndi mlandu wake, chifukwa ufa wopereka mtundu, umene umatchedwa pigment, umachepa ndipo zodzazira zimachuluka. Koma matope ambiri amapangidwa ndi dzanja, ngakhale penti akhale wapamwamba chotani.

Chofiira, chikasu ndi buluu zikakumana zonse zitatu zimazimitsana, n'kutsala mtundu wotuwa kapena wabulawuni. Zimenezi ambiri amazidziwa. Chimene chimawapita n'chakuti chubu chilichonse chimapendekera kwinakwake. Buluu wa ultramarine amapendekera kofiira, buluu wa phthalo amapendekera kobiriwira. Cadmium red ali ndi kachikasu mkati, pamene chofiira cha quinacridone chimapendekera ku buluu. Ndiye mukafuna pepo n'kusakaniza cadmium red ndi phthalo, mwalowetsa chikasu kawiri osadziwa, ndipo chotuluka ndi mtundu wakuda wothimbirira. Pepo wowala amachokera ku ultramarine ndi quinacridone. Girini wowala amachokera ku phthalo ndi chikasu chopepuka cha Hansa.

Tembenuzani chubu muwerenge timanambala ta kumbuyo. PB29 ndi ultramarine, PB15 ndi phthalo, PR108 ndi cadmium red, PV19 ndi quinacridone, PW6 ndi titanium white. Nambala imodzi ikutanthauza pigment imodzi. Chubu cha manambala atatu ndi chosakaniza kale, ndipo machubu awiri otere akakumana ndiye kuti mitundu 6 ili m'mbale imodzi. Dzina lokoma la kutsogolo kwa chubu lisakunyengeni, chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere.

Chachiwiri ndi kutakasa. Mwapaka chofiira pa girini wosauma, poyamba zaoneka bwino, koma mwadutsanso kachiwiri, kachitatu, kachinayi. Ulendo uliwonse ukusakaniza. Pakani kamodzi, chotsani dzanja. Ngati mukufuna mtundu wina pamwamba, dikirani wapansiyo aume: acrylic, penti wosungunula ndi madzi, akakhala wopyapyala amauma pa mphindi 15 mpaka 30. Amene mumakoka penti ndi chopalira cha pulasitiki, monga ankachitira Gerhard Richter wa ku Germany, kokani kamodzi kapena kawiri, mupukute chopaliracho, ndipo penti wapansi akhale atayamba kulimba kuti asasungunukire mu wapamwamba.

Chachitatu ndi madzi akuda. Khalani ndi zitini ziwiri, china chotsukira burashi, china cha madzi oyera osungunulira penti, ndi kansanza kopukutira burashi musanatenge mtundu wina. Dziwaninso kuti titanium white akachuluka amatuwitsa mtundu ngati choko, ndipo acrylic amada pang'ono akauma chifukwa guluu wa mkati mwake amaoneka woyera akadali wonyowa.

Titanena zonsezi, musadane nawo kwambiri matopewo. Chithunzi chimene mitundu yake yonse ikuwala chili ngati anthu onse akukuwa nthawi imodzi, simumva aliyense. Kachigawo kakang'ono kofiira kamayaka kwambiri kakazunguliridwa ndi mitundu yofatsa. Kusiyana kwake n'kwakuti mtundu wofatsawo muusakanize dala pa mbale, kuchokera ku mitundu yomwe ili kale pa chithunzicho, osati uzingokugwerani.

Funso: Ndimathira penti wamadzimadzi pa chinsalu n'kuchipendeketsa kuti ayenderere. Akakhala wonyowa zimakongola, koma m'mawa mwake ndimapeza ming'alu ngati dothi la pa dambo louma. Ndikulakwitsa pati?

Yankho: Ming'aluyo imabwera pamene khungu la pamwamba lauma n'kuyamba kukokana, pansi pake penti akadali wamadzi. Zoyambitsa zake n'zodziwika: penti wachuluka, madzi achuluka, kapena chithunzi chaumitsidwa mofulumira pa dzuwa, pa mphepo kapena pafupi ndi fani.

Kasakanizidwe koyambira ndi gawo limodzi la acrylic ndi magawo awiri a pouring medium, mankhwala ofewetsa acrylic kuti ayenderere bwino. Madzi ndi ongokonzera, madontho ochepa, ndipo asapose gawo limodzi mwa 10 a zonsezo. Yesani ndi kamtengo kotakasira: penti atsike ngati kachingwe kosaduka, ndipo pamene wagwera papange kachulu kamene kazimiririka pa sekondi imodzi kapena ziwiri. Makapu onse akhale okhuthala mofanana, chifukwa mtundu wopyapyala umathamanga n'kumiza anzake. Takasani mofatsa ndipo musiye kwa mphindi 20 kuti thovu lituluke. Chinsalu cha masentimita 30 kwa 40 chimafuna penti wosakaniza kale pafupifupi mamililita 200. Wotsala pamwamba mutayeni popendeketsa mpaka patsale wokhuthala milimita imodzi kapena awiri. Kuumira penti pamenepa ndi kumene kumabweretsa ming'alu.

Musanathire, ikani chinsalu pa makapu anayi ofanana ndipo muyeze ndi levulo mbali zonse ziwiri. Chikapendekera pang'ono chabe, usiku wonse chithunzi chimatsetserekera mbali imodzi. Chinsalu chofewa chimalendewera pakati ndipo penti amadikha pamenepo. Chiwazeni madzi kumbuyo, chiume kuti chikungike, kapena gwiritsani ntchito thabwa. Mukathira vundikirani ndi katoni yaikulu yosakhudza penti, m'chipinda chopanda mphepo, kwa masiku awiri kapena atatu. Kukazizira kufika pansi pa madigiri 10, acrylic sagwirana bwino ndipo amatha kung'aluka ngakhale zonse mwazichita bwino.

Ena amagwiritsa ntchito guluu wa matabwa wa PVA m'malo mwa pouring medium. Poyeserera palibe vuto, koma pa chithunzi chosunga ayi, chifukwa amatha kuchita chikasu ndipo chinyezi chimamufewetsanso. Timabwalo tonga maso timene timaoneka pa zithunzi zothira penti timabwera pamene penti wolemera, monga titanium white, wakhala pamwamba pa wopepuka n'kumamira. David Alfaro Siqueiros wa ku Mexico ankayesa kale kuthira penti motere mu 1936 ku New York, ndipo Jackson Pollock anali mmodzi mwa achinyamata amene ankagwira naye ntchito. Mukathira mafuta a silicone kuti timabwaloto tichuluke, dontho limodzi kapena awiri pa kapu ndi okwanira. Pakatha milungu itatu tsukani pamwamba pa chithunzi ndi madzi a sopo pang'ono, apo ayi vanishi idzakana kugwira.

Funso: Ndimasakaniza acrylic ndi penti wamafuta pa chithunzi chimodzi kuti pakhale pokhuthala ndi popyapyala. Zina zayamba kusupuka, ndipo pamene ndinathira penti wamafuta pa nsalu yosapaka kanthu pazungulira chibanga chachikasu. Zingakonzeke?

Yankho: Zosupuka kalezo n'zovuta kuzipulumutsa, koma zotsatira zingapewedwe. Penti wamafuta amakhala bwino pamwamba pa acrylic wouma, makamaka wosanyezimira. Acrylic pamwamba pa wamafuta sagwira, amangokhalapo ngati khungu ndipo tsiku lina adzasendeka. Choncho ntchito yonse ya acrylic ithe kaye, papite masiku atatu, kenako wamafuta.

Awiriwa amauma mosiyana. Acrylic amauma madzi akachoka. Wamafuta amauma pokoka mpweya wa okosijeni, ndipo pamene pamwamba pauma patatha masiku angapo, mkati mumapitiriza kusintha kwa miyezi. N'chifukwa chake wosanjikiza aliyense ayenera kukhala ndi mafuta ochulukirapo kuposa wapansi pake. Woyamba msungunuleni ndi turpentine pang'ono. Wapakati akhale monga watulukira m'chubu. Wapamwamba muonjezereni mafuta a linseed pang'ono. Mukatembenuza, wapamwamba wopanda mafuta amauma msanga n'kulimba, wapansi akadayenda, ndipo amang'aluka. Kumbukiraninso kuti umber, penti wabulawuni, amauma msanga pamene cadmium ndi ivory black amachedwa, ndiye umber wopyapyala pa cadmium wosauma bwino ndi kuputa dala. Zinc white, wa nambala PW4, amauma mophweka kusweka mu penti wamafuta. Musamuike pansi.

Chibanga chachikasucho ndi mafuta amene afalikira mu ulusi. Kupatula kuipitsa, mafutawo amafooketsa nsalu m'kupita kwa zaka. Helen Frankenthaler, amene mu 1952 anajambula Mountains and Sea pothira penti wamafuta wosungunula kwambiri pa nsalu yosapaka kanthu, anasamukira ku acrylic kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Ngati mukufuna penti wolowerera mu nsalu, chitani chimodzimodzi: acrylic wamadzimadzi pa nsalu yonyowetsa pang'ono. Ngati mukufunabe wamafuta, tsekani nsalu kaye ndi acrylic medium (guluu wa acrylic wopanda mtundu) maulendo awiri, kenako gesso (penti woyera wokonzera chinsalu) maulendo awiri kapena atatu.

Za pokhuthala: modelling paste, phala lomangira potukuka pa chithunzi, muzimuika pa thabwa, osati pa chinsalu chogwedera, ndipo ulendo umodzi asapose mamilimita 3 mpaka 5. Mukafuna phiri, limangeni mosanjikiza, wina aume kenako wina.

Funso: Mlungu uno ndathira penti, mlungu wathawu ndinkapala ndi mpeni, mwezi watha ndinkamata mapepala. Zithunzi zanga zikaikidwa pamodzi zimaoneka ngati zajambulidwa ndi anthu 10. Ndingapeze bwanji kajambulidwe kangakanga, koti munthu akaona adziwe kuti ndi dzanja langa?

Yankho: Funso ili ndi limene labwera kwambiri, ndipo yankho lake silikoma kwenikweni. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Kuyesa njira zambiri n'kofunika poyamba, koma munthu akamasintha njira mlungu uliwonse amakhala mlendo pa njira iliyonse, ndipo chimene chimaoneka pa chinsalu ndi khalidwe la chipangizo, osati la wojambula. N'chifukwa chake zithunzi zothira penti za anthu masauzande zimafanana: amene akusankha ndi madzi. Njira si kajambulidwe. Kajambulidwe ndi zosankha zimene mumazibwereza osadziwa, monga pamene mumaika cholemera, mmene mumamalizira m'mphepete, mtundu umene mumathawirako zikavuta, ndiponso pamene mumalekera.

Ndiye choyamba n'kuona zimene zilipo kale. Yalani pansi zithunzi zanu 20 kapena 30 zomaliza, zabwino ndi zoipa zomwe, ndipo muime pa mpando muziyang'ane zonse pamodzi. Musaziike m'magulu potengera njira. Funani zobwerezabwereza. Kodi mdima umakonda kukhala kunsi kumanzere? Kodi mizere yanu ndi yothyoka kapena yozungulira? Kodi mumadzaza paliponse, kapena mumasiya malo opumira? Pali mtundu umene ukupezeka pafupifupi paliponse? Lembani zinthu zitatu. Itananinso munthu wina wa diso, musamufunse kuti chabwino n'chiti, koma kuti ndi ziti zikuoneka ngati za munthu mmodzi. Kawirikawiri adzaloza chinthu chimene inu mumachiyesa chilema.

Chachiwiri, dzimangeni. Sankhani saizi imodzi, tinene masentimita 30 kwa 30. Mitundu itatu ndi woyera. Zipangizo ziwiri, monga burashi yotambalala ndi mpeni wopakira. Lonjezani zithunzi 30 pa milungu 6 mpaka 8, pa pepala lokhuthala lopaka gesso kuti musamaope kuononga. Kuchoka pa chithunzi china kupita pa china, sinthani chinthu chimodzi chokha: lero mwayamba ndi mdima m'malo mwa kuwala, mawa mwakulitsa chigawo chimodzi mpaka chatenga theka la pepala, mkuja mwachotsa mizere yonse. Mukasintha zinayi nthawi imodzi ndipo chithunzi n'kukoma, simudziwa chimene chakometsa, ndipo simungachibwereze.

Kumbuyo kwa pepala lililonse lembani tsiku, mitundu, kasakanizidwe ndi ndondomeko imene munasanjikizira. Josef Albers ankachita zimenezi. Kuyambira 1950 mpaka imfa yake mu 1976 anajambula mabokosi okhala mkati mwa mabokosi anzake, mazanamazana, akupaka ndi mpeni penti wochokera m'chubu, ndipo kumbuyo kwa thabwa ankalemba mayina a penti amene wagwiritsa ntchito. Mawonekedwe anali omwewo, chosintha chinali mmene mtundu wina ukusinthira unzake ukakhala pambali pake.

Chenjezo: mukafika chapakati mudzatopa nazo, ndipo mtima udzati njira imeneyi yatha, tiyeni tiyese ina. Apo m'pamene ntchito yayambira. Zithunzi zoyambirira zimakhala zodzaza ndi zimene munaona kwa ena. Zimenezo zikatha, dzanja limayamba kupeza zakezake chifukwa lasowa kobwereka. Ngati chilakolako choyesa zatsopano chakula, chipatseni tsiku limodzi mwa masiku 5, pa mapepala otaya, ndipo chimene chatulukapo chabwino mulowe nacho mu mndandanda uja ngati chosintha chimodzi.

Za nthawi, musadzipanikize. Mark Rothko anabadwa mu 1903, m'zaka za m'ma 1930 ankajambula anthu m'masiteshoni a sitima za pansi pa nthaka, ndipo zigawo zake zazikulu zoyandama za mitundu zinakhazikika cha m'ma 1949. Alma Thomas anapuma ntchito ya uphunzitsi mu 1960 ali ndi zaka pafupifupi 70, ndipo timadontho take ta mitundu tondandalikana tinabwera pambuyo pake. Mu 1972 anakhala mayi woyamba wachikuda kukhala ndi chionetsero chakechake ku Whitney Museum ku New York.

Komanso samalani ndi mbali inayo. Chithunzi chimodzi chikakondedwa kwambiri pa intaneti, n'kosavuta kuyamba kuchibwereza ngati chidindo. Chizindikiro chake n'chakuti musanayambe mukudziwa kale mmene chithere. Zikafika apo, sinthani lamulo limodzi mwa aja munadziikira, makamaka saizi, chifukwa dzanja limene lazolowera kuyenda ndi zala likapatsidwa chinsalu cha mita imodzi limakakamizika kuyenda ndi phewa.

Funso: Anzanga akuti zithunzi zanga ndi za Pollock. Zimandiwawa, koma ndimamukondadi. Kodi kutengera ndi kuba?

Yankho: Kukopera pophunzira si kuba, malinga ngati mwalemba kumbuyo kuti mwatengera kwa ndani ndipo simukugulitsa ngati zanu. Vuto la zithunzi zanu mwina n'lakuti mwatenga mawonekedwe a Pollock m'malo motenga funso lake. Pakati pa 1947 ndi 1950 iye anayala chinsalu pansi, n'kumachizungulira akudontheza penti wa m'nyumba ndi timitengo, kuti thupi lonse lijambule. Frankenthaler anaona zimenezo, natenga za kuyala pansi, koma m'malo mwa zingwe za penti wokhuthala anathira wopyapyala wolowa mu nsalu. Mu 1953 Morris Louis ndi Kenneth Noland anaona chithunzi cha Frankenthaler cha Mountains and Sea, ndipo aliyense anapita nayo njirayo kwake: Louis ku mitsinje ya mitundu yotsetsereka, Noland ku mabwalo okhala mkati mwa anzake. Palibe amene amawasokoneza anayiwa.

Lembani chiganizo chimodzi chonena chimene mumakonda mwa Pollock. Ngati ndi liwiro, lifuneni ndi chipangizo china, osadontheza. Ngati n'chakuti chithunzi chake chilibe pakati, yesani zimenezo ndi zigawo zazikulu zofatsa. Ndipo onjezerani aphunzitsi. Wotengera kwa munthu mmodzi amaoneka ngati mthunzi wake. Wotengera kwa anthu 5 osiyana, mitundu kwa uyu, kayalidwe kwa uyo, amayamba kusadziwika kumene wachokera.

Funso: Ndimadziwa bwanji kuti chithunzi chatha? Nthawi zambiri ndimapitiriza mpaka kuchiononga.

Yankho: Diso limene layang'ana chithunzi kwa maola atatu silionanso. Lipatseni njira zochionera ngati chachilendo. Chijambuleni ndi foni n'kusintha chithunzicho chikhale chakuda ndi choyera. Ngati zonse zasanduka phulusa lofanana, ndiye kuti mitundu yasiyana koma kuwala kwake n'kumodzi, ndipo ichi ndi chilema chofala kwambiri. Payenera kukhala podera kwenikweni ndi powala kwenikweni, ndipo zisakhale zochuluka mofanana. Chiyang'aneni pa galasi. Chitembenuzeni mbali zonse zinayi. Imani mamita atatu kutali, mutsinzine pang'ono.

Zolakwika zimene zimatulukira ndi zomwezomwezo. Madontho ndi mizere yonse ndi ya saizi imodzi, palibe chachikulu, palibe chaching'ono. Zonse zaunjikana pakati, ngodya zaiwalika. Kapena pali kachigawo kokoma kamene mwakhala mukukazungulira moopa kukakhudza, ndipo chithunzi chonse chapindika pofuna kukasunga. Nthawi zambiri kachigawo kameneko ndi koyenera kupita.

Musanapake chosintha chachikulu, dulani pepala la mtundu umene mukuganiza, mulimate ndi tepi pamalopo, mubwerere m'mbuyo. Kapena ikani pulasitiki yoonekera pamwamba mupake pamenepo. Muzijambulanso ndi foni mphindi 20 zilizonse mukugwira ntchito. Mukadzayang'ana zithunzizo motsatizana mudzaona pamene chinali chamoyo ndi pamene munayamba kungosalaza, ndipo pakapita nthawi mudzaizindikira mphindi imeneyo ikamafika. Mukakayika, chitembenuzireni ku khoma kwa mlungu umodzi. Mukachitembenuza, chimene diso lakhumudwa nacho pa masekondi oyamba ndicho chokonza. Ngati palibe, sayinani.

Funso: Ndikamata tepi kuti mzere uwongoke, penti amalowa pansi pake.

Yankho: Nsalu ili ndi timaenje timene tepi singatseke. Mukamata, tsinderani m'mphepete ndi chikhadabo, kenako pakani m'mphepetemo acrylic medium wopyapyala kapena mtundu womwe uli pansiwo. Chimenecho ndicho chilowe pansi pa tepi n'kutseka timaenjeto. Chikauma pakani mtundu wanu, burashi ikuchoka pa tepi kupita kunja, osati kulowera pansi pake. Matulani tepi penti asanaumiretu, mofatsa, mukuikokera chammbali. Penti wapansi akhale atauma tsiku lathunthu, apo ayi tepi idzanyamuka naye.

Funso: Chithunzi chimene ndinajambula zaka ziwiri zapitazo chasuluka, makamaka pofiira ndi pa pinki. Kodi vanishi ikanathandiza? Ndipo nsanza zopukutira penti wamafuta ndizizitaya bwanji?

Yankho: Vanishi yotchinga kuwala kwa dzuwa imachedwetsa kusuluka, koma singapulumutse pigment yofooka. Pa chubu yang'anani chizindikiro cha ASTM, chosonyeza mmene penti amapiririra kuwala: I ndi wolimba kwambiri, II ndi wabwino, III musamuike pa chithunzi chosunga. Alizarin crimson weniweni, PR83, amasuluka makamaka akapakidwa mopyapyala kapena akasakanizidwa ndi woyera. M'malo mwake tengani quinacridone. Mitundu yonyezimira ya fluorescent yonse imasuluka. Ngakhale akatswiri zinawagwera: zithunzi zazikulu zimene Rothko anajambulira yunivesite ya Harvard mu 1962 zinali ndi Lithol Red, zinapachikidwa m'chipinda cha mawindo aakulu, ndipo pofika 1979 zinali zitasuluka moti anazichotsa. Penti amene mukumukayika muyeseni nokha: pakani mzere pa pepala, phimbani theka ndi katoni, ikani pa windo la dzuwa kwa miyezi itatu, kenako yerekezani.

Za vanishi: pa acrylic, yambani mwapaka chotchinga cha magawo awiri a soft gel (acrylic medium wokhuthala) wonyezimira ndi gawo limodzi la madzi, chiume masiku awiri kapena atatu, kenako vanishi yotheka kuchotsa. Penti wamafuta adikire miyezi 6 mpaka 12 musanapake vanishi. Zithunzi za acrylic musazisanjikize moyang'anizana nkhope, chifukwa kukatentha zimamatana.

Za nsanza, musazitenge mopepuka. Mafuta a linseed akamauma amatulutsa kutentha, ndipo nsanza zounjikidwa pamodzi m'bini zimatha kuyaka zokha popanda machesi. Ziyanikeni imodziimodzi panja, zotambasula, mpaka ziume gwa, kapena zimizeni m'madzi m'chitini chachitsulo chokhala ndi chivundikiro. Turpentine mugwiritseni ntchito mawindo ali otsekula, ndipo penti wouma wa cadmium, cobalt kapena mtovu musamupale ndi sandipepa wouma. Nyowetsani kaye kuti fumbi lisauluke.